Koleji, foni kapena Siyaso: ndalama za maphunziro tiziike pati mu Harare?

Zotsatira za O Level (mayeso a Fomu 4) zikatuluka, ZIMSEC, bungwe la mayeso la Zimbabwe, imalengeza chiwerengero chimene chimatigwetsa mphwayi chaka ndi chaka. Mwa ana amene alemba maphunziro asanu kapena kuposerapo, okhoza asanuwo ndi C kupita m'mwamba amakhala pafupifupi mmodzi mwa atatu, ndipo zaka zina safikanso pamenepo. Awiri otsalawo ali nafe m'makomo ku Mbare, ku Epworth, ku Mabvuku ndi Tafara, ku Dzivarasekwa, ku Mufakose. Ndiye tikaweruka ku CCAP Lamulungu, kapena ku mzikiti Lachisanu, kapenanso pa msonkhano wa sosaite ya maliro, nkhani imakhala yomweyo: tindalama tochepa tili natoti tipite kuti? Amayi ena akuti mwana abwereze pa koleji ya m'tauni. Achimwene ena akuti mungomugulira foni yabwino, masiku ano zonse zili pa intaneti. Amalume akuti musataye nthawi, bwera nayeni ku Siyaso, msika wa amisiri, agwire chitsulo.

Onsewa sakunama, kungoti aliyense akunena za chinthu china. Kale ukalipira fizi unkagula zinthu zitatu nthawi imodzi: nzeru za m'buku, mphunzitsi woona ngati mwana wamvadi, ndi pepala la kumapeto. Foni ndi intaneti zazilekanitsa. Nzeru za m'buku zatchipa kwambiri, pepala likadali lodula, ndipo munthu wokhala pansi ndi mwana n'kumuyesa ndiye wasowa kuposa zonse. Njira iliyonse imene ndikambe ndikuifunsa zomwezo: mwa zitatuzi ikukupatsani chiti, ndipo zotsalazo mukazitenga kuti?

Tisanafike kumeneko, kwa ife amene makolo athu anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique pali nkhani ya zitupa. Agogo anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi ku khonsolo ya mzinda, ana n'kubadwira kuno, koma chitupa n'kulembedwa kuti mlendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anati munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC ndipo iye ankakhala kuno, ndi nzika. Komatu lamulo silikubweretserani pepala pakhomo. Mwana wopanda chiphaso cha kubadwa amavutika pa kalembera wa mayeso, ndipo kutsogolo koleji, laisensi ndi pasipoti zonse zimayambira pomwepo. Ngati chiphasocho palibe, ndalama yoyamba ikhale ya kombi yopita ku maofesi a kalembera, ku Makombe kapena ku ofesi ya dera lanu. Bandulo idikire.

Sukulu, ma extra ndi makoleji a m'tauni

Sukulu ndi njira yokhayo imene imalonjeza zitatu zonse, koma m'madera mwathu lonjezolo limafika loperewera. Kalasi imadzaza, sukulu zina ana amasinthana, ena m'mawa ena masana, ndipo mphunzitsi amene malipiro ake satha mwezi amayang'ana kumbali. Ndi mmene ma extra, maphunziro owonjezera olipira, anakulira. Unduna umaletsa aphunzitsi kulipiritsa ana awo omwe, koma aliyense akudziwa nyumba imene ana amasonkhana Loweruka m'mawa, dola m'manja. Ine sindinyoza ma extra. Chimene mukugula kumeneko ndi diso la munthu wamkulu pa kope la mwana wanu, ndipo ngati gulu lili la ana asanu kapena asanu ndi atatu, ndalamayo sinapite pachabe. Likafika makumi atatu m'galaja, mwangogula kalasi ina yodzaza.

Makoleji apadera ali mbwee, ena m'nyumba zosanja za m'tauni pamwamba pa masitolo, ena m'nyumba za anthu m'malokeshoni. Amathandiza wobwereza chifukwa amalola kutenga maphunziro awiri kapena atatu okha, ndipo ena ali ndi makalasi a madzulo. Musanalipire funsani zinthu ziwiri, ndipo muone ndi maso: chikalata choti unduna wa maphunziro unawavomereza, ndi nambala yawo ngati malo olembera mayeso a ZIMSEC. Akayankha kuti ana athu amakalembera kwina, ndalama ya mayeso mukapereke nokha kwinako n'kutenga lisiti. Wofuna kubwereza sayansi afunsenso ngati pali labu.

Nanga ZIMSEC kapena Cambridge, mayeso a ku Britain? Phunziro limodzi la Cambridge limadula kangapo kuposa la ZIMSEC, ndipo pa ZIMSEC boma limalipirako gawo kwa ana a m'sukulu zake, ngakhale wolemba payekha amasenza yonse. Ngati cholinga ndi Harare Polytechnic, unamwino, uphunzitsi kapena University of Zimbabwe, ZIMSEC ikukwana. Cambridge ndi ya banja limene lili ndi njira yeniyeni yotumizira mwana kunja, osati loto chabe. Ndaona mabanja akugulitsa katundu kuti mwana alembe mayeso onse awiri, mwana n'kugawika pakati pa masilabasi awiri, zotsatira n'kukhala zapakatikati konsekonse.

Pali chinthu china chimene chikusintha mwakachetechete. Mu 2021 kunabwera CALA, ntchito zowonjezera malikisi pa mayeso, ana n'kumabwera ndi ntchito zambirimbiri zimene kawirikawiri ankachita ndi makolo, kapena anyamata a m'tauni olipidwa. Mu 2024 boma linaichotsa n'kuika ma pulojekiti ochitira kusukulu pansi pa silabasi yatsopano ya Heritage-Based. Tsopano foni imatha kulemba pulojekiti yonse madzi a tiyi asanawire. Ine ndikuona kuti pamene makina akulemba bwino, mayeso olembera m'chipinda, woyang'anira ali chilili, ndi amene azikhulupiridwa kwambiri. N'chifukwa chake musayerekeze kugula likasa pa WhatsApp. Mu 2022 mapepala atatuluka nthawi isanakwane, ZIMSEC inafafaniza zotsatira za ana zikwi zingapo.

Foni

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene makolo ambiri akunamizidwa, ena kuti foni ndi mphunzitsi wokwanira, ena kuti ndi satana.

Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020, maphunziro anasamukira pa wailesi ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo sanabwerereko onse. Mu 2021 unduna, mogwirizana ndi UNICEF ndi Microsoft, unakhazikitsa Learning Passport, imene ili ndi maphunziro otsata silabasi ya kuno. Ruzivo, pulogalamu ina yophunzirira pa intaneti, inalipo kale. Pa YouTube pali aphunzitsi a ku Zimbabwe amene amathetsa mapepala akale a ZIMSEC funso ndi funso, ndipo Khan Academy imaphunzitsa masamu ndi sayansi kwaulere, ngakhale kuti sitsata silabasi yathu. Kenako mu Epulo 2024 Meta AI, makina oyankha mafunso, inalowa mu WhatsApp, ndipo Zimbabwe, Malawi ndi Zambia anali m'gulu la maiko oyamba kuilandira. Apa m'pamene zinthu zinatembenuka. ChatGPT, imene inatuluka kumapeto kwa 2022, imafuna bandulo ya intaneti yonse, pomwe iyi ili m'kati mwa chinthu chimene mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika amagulira kale bandulo.

Taonani mmene zimakhalira. Mtsikana wa Fomu 4 wadikira amayi ake kuti abwere kumsika, chifukwa foni m'nyumbamo ndi imodzi. Batire ili pa 12, magetsi sanabwere. Akujambula funso la masamu, 2x + 7 = 19, n'kutumiza. Yankho likubwera nthawi yomweyo, x ndi 6, masitepe onse ali poyera. Akukopera m'kope mwaukhondo, akujambula lotsatira. Pakutha pa mphindi makumi awiri homuweki yatha, kope ndi lokongola, m'mutu mulibe kanthu. Mtsikana yemweyo akanatha kulemba kuti: usandiuze yankho la funso ili, ndikayankha undiuze pamene ndalakwa. Akatero amalemba yekha kuti 2x ndi 26, makinawo n'kumufunsa chifukwa chake waphatikiza 7 m'malo mochotsa. Foni ndi yomweyo, bandulo ndi yomweyo. Chasiyana ndi chakuti kachiwiriko pali munthu amene anamuuza mmene angafunsire, ndipo mawa adzamupatsa funso lina foni ili m'thumba la amayi. Munthuyo sayenera kukhala wodziwa masamu. Azakhali amene analekeza Giredi 7 akhoza kugwira pepala la mayankho n'kuyang'ana wotchi.

Makinawa ali ndi pamene amagwira bwino ndi pamene amaterereka. Pa masamu a O Level, galamala ya Chingerezi ndi mfundo zoyambira za sayansi amathandiza, ngakhale nawonso amaphonya. Pa mbiri ya kuno, Heritage Studies, mabuku a Chishona a m'silabasi, amatha kupeka dzina ndi chaka n'kuzinena mosaphethira. Mwana amene sanatsegule buku sangadziwe kuti wanamizidwa. Chichewa amachimvako, koma chofotokoza chawo chimatuluka chopindika. Ndi bwino kufunsa m'Chingerezi, poti mayeso ali m'Chingerezi, kenako mwana akufotokozereni m'chilankhulo cha pakhomo. Akalephera kufotokoza ndiye kuti sanamve.

Mtengo weniweni wa njirayi si foni ayi, ndi magetsi ndi bandulo. Madzi atatsika ku Kariba kumapeto kwa 2022, madera ena ankakhala maola 18 opanda magetsi. Makina awiri atsopano a ku Hwange anawonjezera mamegawati 600 mu 2023, komabe kuthima sikunathe, ndipo ana ambiri amawerenga pakati pa usiku pamene kampani ya magetsi ya ZESA yakumbuka. Kasola kakang'ono kotchajira foni ndi kuyatsa babu limodzi kamathandiza mwana kuposa laputopu imene izingokhala yozima. Mavidiyo amadya bandulo koopsa, choncho wanzeru amawatsitsa pamene pali Wi-Fi, kuntchito kwa achimwene kapena kutchalitchi, n'kumaonera kunyumba. Starlink, intaneti ya pa setilaiti, inayamba kuno mu 2024 ndipo malo a mu Harare anadzaza m'kanthawi kochepa. Ndi yabwino kwa sukulu, tchalitchi kapena mabanja angapo osonkherana, koma kwa banja limodzi la ku Epworth ndi katundu wolemera.

Foni ndiye imapereka nzeru za m'buku zokha. Woyang'anira mumupeze nokha, ndipo pepala mukalilipira ku ZIMSEC ngati wina aliyense.

Masatifiketi a pa intaneti ndi makosi a changu

Kwa amene anamaliza sukulu, kapena wamkulu amene ali kale pa ntchito, msika wadzaza ndi makosi a masabata ochepa. Ena ndi abwino. Coursera ndi anzake ali ndi maphunziro ochokera ku mayunivesite enieni, ndipo amene akufuna kudziwa Excel kapena kalembedwe ka mabuku a ndalama aphunziradi. Koma satifiketi yotsitsa pa foni siilowa m'malo mwa O Level pa ntchito ya boma, ndipo madigiri ena otsatsidwa pa Facebook ndi chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Amene amavomereza maphunziro apamwamba kuno ndi ZIMCHE. Sukulu imene simukuipeza kwa iwo, kapena kwa bungwe lotere la m'dziko lake, isiyeni. Wofuna digiri ali pa ntchito ayambe wayang'ana Zimbabwe Open University, imene yakhala ikuphunzitsa anthu ali kwawo kuyambira 1999. Ndi yochedwa, imafuna kudziletsa, koma pepala lake limadziwika.

Nkhani ya osamalira okalamba ndiyo iyenera kutiphunzitsa kusamala. Mu Febuluwale 2022 dziko la Britain linatsegula khomo kwa ogwira ntchito yosamalira anthu, ndipo Harare yense anathamangira makosi a nurse aide, a Red Cross ndi ena ambiri amene anamera usiku umodzi. Aphunzitsi, ogwira ntchito m'mabanki, onse anali pa mzere, kuwonjezera mayeso a Chingerezi a IELTS ndi ndalama za madobadoba olonjeza makalata a ntchito. Oyambirira anapitadi. Mu Marichi 2024 analetsa kutenga banja, ndipo mu Julaye 2025 anatseka kulemba anthu atsopano ochokera kunja pa ntchitoyi. Amene analowa mochedwa anatsala ndi satifiketi ndi ngongole. Luso losamalira odwala silinawonongeke, likufunikabe kuno komwe, makamaka poti ana ambiri ali kunja ndipo makolo akukalamba okha. Chimene chinagwa ndi kosi yogulidwa chifukwa cha lamulo la dziko lina, limene nduna imodzi ikhoza kusintha ndi siginecha.

Za kupanga mapulogalamu a kompyuta ndinena mwachidule. Bungwe la Uncommon.org lili ndi malo ophunzitsira m'makontena oyendera sola m'madera monga Dzivarasekwa ndi Mufakose, ndipo ubwino wake ndi woti pali anthu, magetsi ndi intaneti pamalo amodzi. Mwana amene amakondadi zimenezi ayesere. Koma dziwani kuti ntchito zing'onozing'ono za woyamba kumene, monga kupanga tsamba wamba kapena kulemba timawu totsatsa malonda, ndi zomwezo zimene makina akulanda msanga.

Ntchito za manja

Amalume aja sanalakwe kwenikweni. Ku Siyaso ku Mbare, ku Gazaland ku Highfield ndi ku Area 8 ku Glen View kuli sukulu imene ilibe belu. Mnyamata amayamba n'kutumidwa, kunyamula machubu, kugwirizira chitsulo pamene bwana akuwotcherera. Pakapita miyezi amapatsidwa galainda, ndipo tsiku limene amulola kugwira ndodo yowotcherera, bwanayo amamenya cholumikiziracho ndi hamala pamaso pa onse. Chikathyoka, palibe chokambirana. Woyang'anira wotere foni singakupatseni, ndipo mwana amayamba kubwera ndi kenakake m'thumba chaka chisanathe.

Zovuta zake zilinso poyera. Ambiri amawotcherera ndi magalasi a dzuwa, maso n'kumatha pang'onopang'ono; mugulireni chigoba chenicheni. Ku Glen View moto wawononga katundu kangapo. Bwana amaphunzitsa zimene iye akudziwa basi, zolakwika zomwe, ndipo malo ambiri otere salandira bwino atsikana. Chachikulu n'chakuti pepala palibe, pokhapokha mutalitsata. Boma lili ndi mayeso a luso, trade test, kuyambira kalasi 4 kukwera mpaka kalasi 1, ndipo munthu amene waphunzirira pa ntchito akhoza kulembetsa. Ambiri salabadira mpaka tsiku limene kampani yomanga kapena mgodi wafunsa khadi.

Harare Polytechnic, ndi mayeso ake a HEXCO, imapereka zonse zitatu, koma makosi ake ambiri amafuna ma O Level asanu kuphatikizapo Chingerezi ndi masamu, ndiye tabwerera ku nkhani yobwereza ija. Amene alibe asanuwo ayang'ane malo ophunzitsa ntchito za manja monga Young Africa ku Epworth ndi ku Chitungwiza, kumene kulinso makosi amene atsikana amalowa momasuka.

Chondisangalatsa n'chakuti foni imagwira ntchito bwino kwambiri kuno kuposa m'kalasi. Mavuto a magetsi ndi madzi abala ntchito zimene agogo athu sanazidziwe: kuika sola ndi ma inveta, kukonza mapampu a zitsime, kukonza mafoni ku Gulf Complex. Mnyamata amene waona inveta yachilendo amafufuza buku lake pa intaneti ali pamwamba pa denga, ndipo ngati makinawo amunamiza, mita yake imamuuza pomwepo. Pamenepa masamu a Fomu 2 amene ankawathawa amabwerera okha, chifukwa kuwerengera mabatire molakwika kumawotcha katundu wa mwini.

Kumutumiza kumudzi

Mabanja ena amaganiza zotumiza mwana kwa agogo ku Dedza, ku Mangochi kapena ku Mulanje kuti akalembe MSCE ya MANEB. Zimatheka ngati mwanayo ali wamng'ono ndipo kuli munthu wamphamvu womusunga. Kwa wa zaka 17 wobadwira ku Mabvuku, amene amalota m'Chishona, kusintha silabasi ndi dziko nthawi imodzi ndi kumuwonjezera mtolo. Chimene ndimasirira kumeneko ndi cha ana aang'ono: boma la Malawi linayamba mu 2023 kufalitsa m'sukulu za pulayimale matabuleti otchajidwa ndi sola, okhala ndi pulogalamu ya onebillion yophunzitsa kuwerenga ndi masamu m'Chichewa. Kuno Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka ndi malamulo a 2013 ndipo chimamveka pa National FM, koma m'makalasi a mu Harare ndi Chishona ndi Chingerezi. Ofuna kuti zidzukulu zidziwe kuwerenga Chichewa adalire Sande sukulu, madarasa ndi pakhomo.

Ndiye ndani atenge iti?

Mwana amene wakhoza atatu kapena anayi, n'kugwa masamu kapena Chingerezi, asabwereze chaka chonse pa koleji yodula. Mulembetseni maphunziro ogwawo okha, a Juni ngati ali pafupi kukhoza, a Novembala ngati anagwa kwambiri. Nzeru atenge pa foni ndi m'mapepala akale, ndipo ndalama yotsala ipite kwa mphunzitsi wa kagulu kakang'ono amene azichonga ntchito yake sabata iliyonse. Amene sanakhoze kalikonse ndipo kalasi imamudwalitsa, apite ku ntchito za manja tsopano, koma mugwirizane ndi bwanayo kuyambira tsiku loyamba kuti cholinga ndi trade test, ndipo madzulo awerengeko masamu ndi Chingerezi, chifukwa ziwirizi zidzamutsekera zitseko ali ndi zaka 30. Wamkulu wa pa ntchito asankhe kosi imene bwana wake kapena makasitomala ake akuifunsa lero, osati imene gulu la WhatsApp likuti ikutsegula maiko.

Pa mwana wanzeru amene akukhoza kale, foni yokhala ndi bandulo ndi kasola zimamupititsa patali kuposa ma extra, bola foniyo izigona kuchipinda kwa makolo. Ngati fizi yavuta ndipo mwana ali pa sukulu ya boma kapena ya khonsolo, funsani aphunzitsi aakulu za BEAM, thandizo la boma pa fizi ya ana ovutika, chaka chikangoyamba, poti mayina amasankhidwa msanga. Kalembera wa mayeso a Novembala nayenso amatsekedwa m'miyezi yoyambirira ya chaka, ndipo wochedwa amalipira chindapusa, choncho ndalama ya mayeso muyambe kuisunga mu Disembala, isanadyedwe ndi Khirisimasi ndi mayunifolomu a Januwale.